Chiswe cha M'magazi

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinadula nzimbe ku Dwangwa,
chikwanje kudzanja, mwaye kumaso,
mano anga akusenda nzimbe kuposa mpeni.
Lero ndikangoluma kamfundo kamodzi
makoko amatuluka ofiira
ngati ndaluma munthu.

Zinayamba chaka chimene dzanja lamanzere linandikana,
kapu ya tiyi n'kugwa, pakamwa n'kupotoka.
Anati magazi aundana panjira ya kumutu.
Anandipatsa kam'bulu koyera, asipilini,
kochepa kuposa njere ya nandolo,
kamodzi patsiku mpaka tsiku lolowa m'manda.
Dzanja linabwerera mwamanyazi ngati mkamwini.
Koma m'kamwa munatseguka kasupe.

Mswachi wofiira. Pilo wamadontho.
Mwanaisha akuchapa, osanena kanthu.
Ndaziona, mdzukulu wopanda chinsinsi, anati,
"Agogo, m'kamwa mwanu mukununkha dzimbiri."
Ndinasiya kuseka pagulu.
Masiku anayi ndinabisa mankhwala m'thumba la jekete,
n'kumauza mkazi wanga kuti ndamwa.

Kuboma, m'chipinda cha mano,
mayi Chimbalanga analowetsa kagalasi kozizira
n'kupukusa mutu.
"Chiseyeye ichi sichinabwere ndi mankhwala, bambo.
Chinalipo kale, chikudya mizu mwakachetechete.
Mankhwala angochiulula."

Ndinati sindikumva.

"Chulu mumachidziwa?
Mukachiboola ndi khasu, chiswe chimathamangira kukamata.
M'magazi mulinso chiswe chotero.
Chanu chinamata pamene panalibe bowo,
n'kutseka njira ya kumutu.
Kam'bulu kaja kamachifoola dala.
Ndiye nkhama zikang'ambika, omata amafika mochedwa."

"Nanga kutupaku?"

"Ofufuza ena amati kamaziziritsako moto wake.
Ena akukayikabe. Asiyeni azikangana.
Ine ndikuona mwala uwu."
Ndipo anayamba kupala,
khwee, khwee, litsiro la zaka zambiri
louma ngati dothi la mwezi wa Okutobala,
ine ndikulavula m'kabeseni, misozi ikulowa m'makutu.

Ndinaulula za jekete ndili chagada.
Chitsulo chinaima.
"Dzino likachoka tingakuikireni lina.
Ubongo tilibe m'kabatimu.
Musadzasiyenso musanatifunse."

Pobwerera ndinaluma thonje mpaka kuwoloka Bua,
kondakitala akufunsa kotsikira, ine ndikuloza ndi chala.
Pa Dwangwa ndinalitulutsa.
Magazi anali ataleka.
Mochedwa, inde, ngati malipiro a ganyu,
koma anali ataleka.

Papita miyezi iwiri.
Madzi ofunda amchere m'mawa, mswachi wofewa usiku.
Nkhama zaphwa, zabwerera mtundu wake,
ngakhale dzino limodzi lakumunsi
likugwederabe ngati mzati wa khola lakale,
ndipo masiku ena malovu amakhala ndi kaulusi kofiira.
Ndimakayang'ana osatekeseka.
Ndi msonkho umene ndimalipira
kuti dzanja ili lizimanga lokha mabatani a malaya.

Nzimbe sindisendanso ndi mano.
Ndaziona amatenga mpeni, n'kudula timabenthu,
n'kundiikira m'mbale ngati mwana.
Ine, amene ndinagwetsa minda yathunthu!
Ndimayamwa pang'onopang'ono.
Iye amatola makoko, n'kuwatembenuza padzuwa,
n'kufuulira kukhitchini:
"Lero ayera!"