Bakha wa Chanazi

Dzuwa la ku Bangula silituluka, limagwera munthu.
Sikisi koloko isanakwane malata ayamba kale kuthetheka,
ndipo iwe Chanazi, wa miyezi isanu ndi itatu,
timano tiwiri ngati mbewa ya m'mapira,
wadzuka, ukutafuna mlomo wa bakha wako.

Bakha ameneyu ndinamutola pa kaunjika tsiku la msika,
pakati pa nsapato zosowa zinzake.
Wogulitsa anati ukamufinya amalira.
Ndinamufinya. Anangopuma ngati munthu wokwera chitunda.
Ndinalipirabe,
thukuta la ulendo wathunthu wa kabaza,
kuchoka pa siteji mpaka ku Phokera, mayi wonenepa kumbuyo.

Amako alawirira ku dimba
kukaona zimene mvuu zatisiyira usiku.
Tatsala awiri, ine ndi iwe, ndi chuma chako:
bakha,
chisekese cha dambe louma,
kachidole kansalu kamene mbuzi ya a Fombe inadya khutu,
ndi chivundikiro cha poto
chimene palibe anakupatsa, unangolanda.

Zonsezi zimayenda ulendo umodzi:
pansi, m'kamwa, pansi,
kunsi kwa bedi, m'kamwa.

Ku sikelo mlangizi anakweza chala nati,
chilichonse cholowa m'kamwa mwa mwana ndi mbale,
chitsukidwe ngati mbale.
Ndinamva ndine, chifukwa tsikulo ndinakubereka ndine,
mwamuna mmodzi pa benchi ya amayi makumi atatu.

Madzi a pa mjigo wathu ndi amchere,
sopo amachita manyazi kutulutsa thovu.
Ndimakhala pakhonde, beseni pakati pa miyendo,
mswachi wakale m'manja,
kukolokosa dothi m'mapiko osauluka.
Anzanga akudutsa amaliza mabelu:
Zuze, wayamba kuweta abakha?
Akaikira mazira utigaireko!
Ndimawakwezera mswachi. Apite.

Iwo sanaone zimene ndinaona ine.
Kumimba kwa bakhayu kuli kabowo,
madzi amalowa, kutuluka ayi.
Tsiku lina ndinafinya mwamphamvu
ndipo munatuluka zakuda ngati matope a m'Shire,
zomwe iwe unkayamwa sabata zonsezo ukuseka.
Usiku umenewo ndinkangokhudza chipumi chako,
kuwerenga mpweya wako pakati pa kulira kwa udzudzu.
Kutacha ndinatenthetsa mpeni pa mbaula
n'kutseka kabowo.
Kuyambira pamenepo bakha anasiya ngakhale kupuma kuja.
Iwe sunadandaule.

Dambe silifuna madzi, limafuna kansalu konyowa.
Chidole chimafuna dzuwa, koma mbuzi imachifunanso,
choncho ndimachipanika pa chingwe, pakati pa matewera.
Bakha ndinamuyanikapo kamodzi padenga.
Dzuwa lathu linamupinda khosi,
mpaka lero amayang'ana cham'mbali
ngati akumvetsera miseche ya kuseri kwa mpanda.

Masana ukalira ndi kutentha
ndimakukhazika m'beseni lomwelo, iwe ndi iye,
ndipo umamenya madzi ndi manja onse,
theka la ndowa imene amako anasenza dzulo
n'kuthera pa malaya anga.

Pakhoma lathu pali mzere
umene madzi anasiya chaka chimene unali m'mimba.
Umandifika m'chiuno. Laimu wakanika kuubisa.
Madzulo ndimasonkhanitsa chuma chako chonse,
kuwerenga, chimodzi, ziwiri, zitatu,
chivundikiro amako atenganso,
n'kuika m'jumbo pamodzi ndi khadi lako la ku sikelo,
n'kupachika pa msomali, pamwamba pa mzerewo,
ngakhale mu Okutobala, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Amako amandiseka akuyala mphasa:
m'nyumba monse muno,
chimene sichingamire ndi bakha yekhayo,
ndiye amene ukumupulumutsa?

Sindiyankha. Ndikupisa neti kunsi kwa matiresi.
Iwe wagona kale chagada, thukuta pamphuno,
ndipo m'dzanja wafumbata kiyi wa loko ya njinga yanga,
amene ndakhala ndikumufuna kuyambira masana.
Ameneyo sindinamutsuke.