Timapaipi Tisanu

Bambo anasiya timapaipi tisanu ndi tinayi
m'chitini cha mabisiketi, kunsi kwa masitepe.
Tsiku logawana katundu
Gaspare anatenga tinayi n'kupita nato ku Torino,
ine n'kutsala ndi tisanu,
kamodzi kobinyira pakati
poti n'kamene ankagogodera paipi ya madzi
akafuna kuti titsike tidzadye.

Anadula okha ndi sowo, pa Sabata masana,
ku zitsulo zotsala pa ntchito yawo ya mipope.
Ankati makolo awo ankadula bango kumtsinje,
koma bango limapsa, limatopa.
Chitsulo, ankatero, chidzandiika m'manda.
Sananame.

Lero mphepo ya ku Enna ikukwawira pansi pa chitseko.
Ndakanda ufa ndi mafuta a nkhumba,
shuga pang'ono, koko wa kunsonga kwa supuni,
ndi vinyo wa Marsala amene ndathira osayeza
chifukwa sindinawaonepo akuyeza.
Ndaupsinja mpaka wapyapyala,
mizere ya thabwa kuonekera kunsi kwake,
ndi kukamwa kwa kapu ndadula miyezi yathunthu
makumi awiri ndi umodzi.

Kukulunga kapaipi kuli ngati kufunditsa khanda:
osathina, osatayirira.
Polumikizira pokha ndipo upake choyera cha dzira.
Chikadonthera pachitsulo, wazigwira ndiwe,
udzachita kuswa kuti utulutse.

Mafuta ayamba kung'ung'udza.
Koyamba kamasuka kokha,
katambasuka ngati dzanja lopempha,
kapaipi katitimira kali maliseche.
Ndatukwana mawu a bambo aja,
mawu amene mayi ankatsekera zenera.
Kachiwiri kagwira.
Matuza atuluka thupi lonse, mbuu kenako psuu,
fungo lakwera mpaka kudenga
kumene utsi wa zaka makumi anayi unagona kale.

Vuto la tisanu ndi kudikira.
Ukazinga, uvuule, uimike pa pepala,
uime chilili manja ali m'chiuno
mpaka chitsulo chitaya ukali.
Ukafulumira, chala chimakuuza.
Ndiye ugwire ndi kansalu, upotoze pang'ono,
pang'ono basi,
kapaipi kasololoke
kasiye mpata wofanana nako ndendende.

Podikirapo ndamuimbira Gaspare.
Akuti take tili m'dilowa ya zotsekulira mabotolo,
mwana wake amaonera nato nyenyezi,
kanoli amagula pasitolo yapakona
zothira kale kuyambira m'mawa.
Ndati, ndiye zimakhala zofewa ngati nsanza.
Wati, Crocifissa, udakali chimodzimodzi.
Ndafuna kunena kuti bweza tinayi tangato
koma mafuta anali atayamba kufuka.

Rikota ya mkaka wa nkhosa
yakhala ikukha m'sefa chiyambire dzulo.
Ndaisakaniza ndi shuga, ndaiphimba,
makoko a malalanje ali pambali m'sosala.
Sindithira tsopano.
Chigoba chimathiridwa wodya atakhala kale pampando,
apo ayi chimamwa madzi n'kuiwala kulira pa mano.

Khumi ndi zisanu ndi zinayi zapulumuka.
Zandanda pathebulo, zonse zakamwa yasa,
zina zokhota, china chakuda mbali imodzi.
Zinayi zili ndi kachotupa m'kati
pamene ufa unatsata kubinyira kuja.
Ndasuzumira m'chimodzi, kuloza kuzenera:
nsanja ya tchalitchi, waya wa zovala,
kachotupako kakutchinga theka la phiri.

Ndatsuka tinayi, ndapukuta, ndabweza m'chitini.
Kachisanu kakadali kofunda m'dzanja.
Sindikudziwa chandigwira.
Ndapita pakona, pa paipi ya madzi,
ngo, ngo, ngo.

Zii.

Kenaka masitepe ayamba kulira,
Ilenia, mtsikana wa sukulu amene amachita lendi pamwamba,
watsika pensulo ili m'tsitsi
kudzafunsa ngati madzi akudontha penapake.
Ndati, ayi, palibe chikudontha.
Kokera mpando uko, ukhale.