Dzungu la Kuseri kwa Bafa

Mbewu zinali zisanu, mu envulopu ya bilu ya madzi,
iliyonse ngati chikhadabo cha chala chachikulu.
Anandipatsa a Shawa, mlonda mnzanga wa usiku.
Akuti zinachokera kwa abwana ena ku Makeni,
akuti dzungu lake munthu mmodzi salinyamula.
Ndinaseka,
koma ndinaziika m'thumba la yunifomu.

Ine sindinalimepo.
Ndinabadwira muno m'Chawama, khasu ndimaligwira pa maliro.
Munda wanga ndi mapazi asanu ndi awiri
pakati pa bafa ndi mpanda wa malata,
nthaka yake miyala ndi zitsekerero za mabotolo.

Ndinadzala mu Okutobala, osafunsa munthu.
Dzuwa la mwezi umenewo silinyengerera:
ziwiri zinapsa zisanaone kunja,
imodzi inathera m'mimba mwa nkhuku ya eni nyumba,
ina sindikudziwa.
Yotsalayo inatukula timasamba tiwiri
ngati khanda lopempha kunyamulidwa.

Pampopi madzi amabwera tambala asanalire, akafuna.
Ndikaweruka ndinkaima pa mzere ndi zigubu,
amayi akunong'onezana:
bambo wopanda mkazi, madzi onsewa ngachiyani?
Otsukira mbale, osambira, otsala m'ketulo,
onse ankapita komweko.
Manyowa ndinakapempha kwa oweta nkhuku ku Lilayi,
kondakitala atamva fungo anandilipiritsa mipando iwiri.

Masana masamba ankagwa nkhope ngati anamfedwa,
ine n'kumathira madzi ndi mantha,
mpaka Mai Nyendwa anayankhula pamwamba pa mpanda:
"Lekani, muwoletsa mizu. Likungopuma.
Madzulo mulipeza ladzuka."
Linadzukadi.
Atapempha chibwabwa cha ndiwo, ndinakana.
Sabata yathunthu sanandipatse moni.

Njuchi kuno n'zosowa.
Ndinaphunzira kuthyola duwa lamphongo mbandakucha
n'kulikhudzitsa pa lalikazi,
maso uku ndi uku ngati wakuba.
Panabadwa tiana titatu.
A Shawa anati, siya kamodzi.
Mpeni unandilemera tsiku limenelo.

Kenako linayamba.
Lolemba ngati mpira, Loweruka ngati ndowa.
Ndinkaliyeza ndi lamba wa buluku
mpaka lamba anachepa, ndinakabwereka tepi kwa telala.
Ndinaliyalira mchenga, ndinalifunditsa chitenje chakutha,
ambulera ndinalisiyira, ine n'kumavumbwa.
Ana a sukulu ankasuzumira m'mabowo a malata.
Wina anafalitsa kuti ndili ndi mankhwala.
Eni nyumba anati renti ikwere
poti tsopano tikukhala awiri.

Usiku pa geti la eni ake, tochi m'manja,
ndinkalondera magalimoto a anthu
mtima uli kuseri kwa bafa.

Mu Febuluwale mvula inagwa masiku anayi osakata.
Ndinabwera ku ntchito nsapato zili m'manja,
madzi m'mawondo.
Ndinalipeza litang'ambika kuyambira pa phesi mpaka pansi,
lamwa mopitirira muyezo,
m'kati mwachikasu muli yasa!

Ndinakhala pa njerwa.
Sindinanene kanthu.

Mai Nyendwa analowa osaodira,
chikwanje ku dzanja ili, mabeseni ku linalo.
Tinalikankha pa wilibala mpaka kwa wogula zitsulo,
sikelo yake inati makilo makumi asanu, kuchotsapo awiri,
ndipo tonse tikudziwa kuti sikelo imeneyo imaba.
Nyumba khumi ndi imodzi zinadya.
Kukoma? Tisanamizane,
linali lamadzimadzi, losatsekemera,
koma palibe anabweza mbale.

Mbewu zikuuma pa nyuzipepala pansi pa bedi.
Chaka chino ndikumba ngalande,
ndiunda mchumbu wotalika,
ndimanga kamthunzi ka masaka.
Dzulo ndinawerenga mbewu zija, zaperewera zisanu.
Kuseri kwa mpanda ndikumva khasu
likulimbana ndi miyala,
ndipo Mai Nyendwa andipatsa moni kawiri m'mawa uno.