Liwu la Pakati pa Mafunde

Kuno ku Hull tili ndi kaliwu kakafupi,
kamveka ngati dzina la mzinda wathu
litavula chipewa.
Lilime limagunda kunkhama, limatsika, limabwereranso,
basi katha.

Sindinakaphunzire kusukulu ayi.
Ndinakatola pakamwa pa Mayi Stathers
chaka chomwe ndinayamba kukazinga nsomba m'shopu mwawo
pa msewu wa Hessle, ndili kamtsikana kopsa zala.
Ikangopitirira thu koloko
mzere wa anthu unkaduka,
mafuta m'chiwaya ankasiya kulalata,
belu la pachitseko linkaiwala ntchito yake.
Apo iwo ankapukuta manja pa epuloni
n'kukatchula motsitsa, ngati akuopa kudzutsa khanda.
"Khala pansi, Noreen. Sikuti zatha.
Zangopumira m'mwamba."
Tiyi tinkamwa chiimirire,
diso limodzi ku kapu, lina kuwindo.

Mlongo wanga Clive ankakanenera mphepo.
Zaka khumi ndi ziwiri pa sitima za nsomba,
kumpoto komwe madzi amaumira pa ndevu.
Ankati nyanja ikatopa kukumenya
imakhala zii, mphindi zisanu, mwina khumi.
Wanzeru amakunga zingwe.
Chitsiru chimavula jekete.

Ndakamva pa wailesi akukamba za nkhondo yakutali,
ndakamva pa siteji ya basi
mayi wina atatulutsa chikhatho kunja kwa ambulera
kuti afunse mvula ngati yaleza mtima.
Aliyense amakatchula ngati ndalama yobwereka:
igwiritse ntchito msanga, mwini wake akubwera.

Ndiye kunabwera usiku uja, m'chipatala, nsanjika yachisanu ndi chinayi.
Desmond anali atatsokomola masabata atatu,
chifuwa chikulira ngati macheka pa thabwa lonyowa.
Cha m'ma fili koloko chinangoti duu.
Ndinadzidzimuka, ndinamugwira phewa.
Namwino Oonagh anayang'ana makina,
anayang'ana ine,
n'kutchula kaliwu kaja.
Iye ankati akundilimbitsa mtima, mwana wabwino.
Sankadziwa kuti ine ndakulira nako,
kuti ndikudziwa chimene chimabwera kumbuyo kwake.

Komabe tinakalandira.
Ndinamukwezera pilo, ndinamunyowetsa milomo.
Anandifunsa ngati ndakiya shedi,
ngati nkhunda zake zadya,
ngati ndikukumbukira diresi yachikasu
yomwe ndinathimbiriza ndi viniga tsiku lomwe tinakumana.
Inali yobiriwira, ndinamuuza.
Yachikasu, anatero.
Tinakangana pang'ono, mokoma,
ngati anthu amene nthawi ili nawo yambiri.
Kunja magetsi a padoko ankaphethira mu nkhungu.
Mphindi makumi anayi.
Ndinaziwerenga pambuyo pake, osati pa nthawiyo.

Kenaka macheka anayambiranso.

Lero shopu ya Mayi Stathers amagulitsamo mafoni.
Clive anagona kale, kutali ndi madzi, monga ankafunira.
Nkhunda ndinapatsa mnyamata wa nyumba yachitatu.
Masana m'nyumba muno mumakhala chete
moti ndimamva firiji ikumeza malovu,
ndipo mwana wanga akaimba foni amati,
"Amayi, pumulani tsopano, mwavutika kokwana,"
n'kuwonjezera kaliwu kaja, mwachikondi.

Sindimutsutsa.
Koma si malo ake pano.
Kaliwu kaja kamafuna funde kutsogolo, funde kumbuyo,
kamafuna chitseko chomwe chitsegukenso,
munthu wolowa akukutumula mvula pajasi
n'kufunsa ngati nsomba zapsa.
Chete wa muno alibe mbali yachiwiri.

Ndimakatchulabe nthawi zina, ndekha, pasinki,
lilime kunkhama, pansi, kunkhamanso,
n'kutchera khutu kukhomo
mpaka ketulo itawira.