Si Chisanu cha ku Bembeke

Mpango wanu ndauchapa, a Dziwenji,
uja munaubisa m'thumba la jekete.
Madontho ake sanali a phwetekere.

Mukuti ndi chisanu cha ku Bembeke,
nkhungu yotsika m'phiri mwezi wa Juni.
Koma Juni anapita, mapichesi anachita maluwa,
fumbi la Okutobala lafika,
chifuwa chokha ndicho chakana kusamuka.

Ndimakuwerengerani usiku.
Dzulo munatsokomola kasanu ndi kawiri tambala asanalire,
kenako munatuluka panja kuti ndisamve,
ngati khoma lathu ndi la simenti.

Zaka makumi atatu za chingambwe
chokulunga m'pepala la kope la ana,
kuwonjeza fumbi la m'migodi ya ku Joni
lomwe munabwera nalo pamodzi ndi wailesi ija.
Wailesi inafa kalekale. Fumbi likadali m'kati.

Thumba la kachewere munkalisenza mukuimba mluzu,
lero mumalitula kawiri musanafike pamsewu.
Lamba mwamuboola ndi msomali mabowo awiri atsopano,
ndinaona.
Mawu aja oitana ng'ombe kutsidya kwa dambo
asasa ngati chitseko cha khola.

Mwamwa mandimu, mwafukiza bulugamu,
a Nangozo anabweretsa mizu yawo yowawa.
Makhololo atapimidwa anati si chifuwa chachikulu,
inu kumwetulira, khasu paphewa,
kuiwala mawu a namwino: chikapitirira mubwerenso,
m'mapapo mumabisala zina, ngakhale khansa.

Dzinalo mukuliopa, ndikudziwa. Nanenso.
Malemu a Kandulu anakana mpaka kuwanyamula pangolo,
adokotala n'kungoti, mukanabwera chaka chatha.
Mwina si chimenecho. Mwina ndi kanthu ka mapiritsi chabe.
Koma chiwawu timachipopera tsamba likangoyamba kuda,
munandiphunzitsa ndinu,
sitidikira munda wonse upserere.

Nkhuku ziwiri ndagulitsa, ya minibasi ilipo.
Mawa tilawirire ku chipatala cha pa Boma
akajambule chifuwacho, aone zomwe ine sinditha kuona.
Akati Lilongwe, tipita ku Lilongwe,
mchemwali wanga ku Kawale ali ndi mphasa.

Fodya uja musamufune, ndamuponya m'chimbudzi.
Kalipani ngati mufuna,
ukali wanu ndiupirira.
Chomwe sindingapirire
ndi kukumba ndekha kachewere wa chaka chamawa.

Malaya oyera ndasita.
Ali pampando.