Funso la Malikisi Makumi Awiri

Lachinayi masana, kuno ku Ngabu.
Malata akuthetheka ndi dzuwa la Okutobala,
feni inafa chaka chatha.
Ophunzira khumi ndi asanu ndi anayi
akudzikupiza ndi makope a bizinesi.
Ndalemba pa bolodi: Umunthu pa Ntchito ya Manejala,
choko chikumata m'zala ndi thukuta.

Buku lathu lili ndi zitsanzo za kutali,
makampani a nyumba zosanja, mabwana a mataye.
Ndalitseka.

Ndati: tiyerekeze ndiwe manejala
wa depoti ya chimanga ku Bangula.
Madzi asefukira, msewu waduka,
malole sakutsikanso m'chigwa.
Mkati muli matumba mazana atatu.
Panja pali mzere wa amayi
omwe ana awo agonera nyika sabata yathunthu.
Foni ikulira. Bwana ku Limbe akuti:
tseka chitseko, dikira Lolemba,
mtengo ukwera kawiri.
Utani?

Alumando, wa malaya osita bwino, wakweza dzanja:
"Bizinesi si mpingo, aphunzitsi.
Mwini katundu ndiye mwini mawu."
Nsayi wamudula pakamwa:
"Ine ndigulitsa lero lomwe, andichotse!"
Ndamufunsa: akakuchotsa,
fizi ya ang'ono ako alipira ndani?
Nanga wolowa m'malo mwako
akakhala wouma mtima kuposa bwanayo?
Waluma cholembera.

Ndawonjezera: pamzerepo pali apongozi ako.
Aseka.
Ndawonjezera: pali venda wa njinga zisanu
amene wagawira ana timatumba
kuti aime ngati amasiye.
Pali mlonda wako, miyezi iwiri osalandira,
akukunong'oneza kuti thumba limodzi
tingolemba kuti lidanyowa.
Kuseka kwatha.
Panja mbuzi ikutafuna katoni pansi pa nimu.

Ndiye Chanazi, wa mpando wakumbuyo,
amene sanayankhepo kanthu chitsegulire teremu:
"Aphunzitsi, inuyo munatani?"

Sindinanene kuti nkhaniyi ndi yanga.
Kaya yatulukira pati.
Mwina m'mene ndinatchulira matumba aja,
mosaganiza, ngati maina a ana.

Ndinadikira Lolemba, ndamuyankha.
Lachisanu, Loweruka, Lamulungu
ndinagona m'depoti, makiyi m'thumba,
udzudzu ukundiimbira mlandu,
zidebe zopanda kanthu zikugundana kuseri kwa mpanda.
Lolemba ndinatsegula.
Mabuku anayenda bwino, tambala siinasowe.
Alonda analandira zawo zonse.
Mlongo wanga anamaliza unamwino.
Kampani inandipatsa kalata yothokoza
ndi njinga yamoto,
ija mukuyiona pamthunzipo.

Makosi onse atembenukira kuwindo,
kupatula la Chanazi.
"Mayi anga amachikamba chaka chimenecho," watero.
"Amati chitseko chinali chobiriwira."

Chinali chobiriwira, ndavomera.
Ndinachipenta ndekha.

Alumando wafuna kundipulumutsa:
"Koma simunabe, aphunzitsi."
Eya, sindinabe.
N'chifukwa chake phunziroli lili ndi masabata khumi ndi awiri.
Likadakhala la kuba
tikadalimaliza tsiku loyamba, tisanatuluke thukuta.

Belu lalira. Palibe wanyamuka msanga.
Nsayi akulemba kenakake, akufufuta.

Pa mayeso funsoli lidzabwera,
malikisi makumi awiri.
Wolemba kuti atsegula,
ndidzayang'ana ngati wawerengera anthu odya m'dzanja lake.
Wolemba kuti adikira,
ndidzayang'ana ngati wamva zidebe.
Wolemba mwaukhondo, mopanda chofufuta,
ameneyo ndidzamuitana padera.

Onse atapita ndafufuta bolodi.
Mawu oti Umunthu akana kuchoka bwinobwino,
choko chonyowa chimatero.
Ndatuluka. Chishalo chikuwotcha ngati chiwaya.
Chanazi ali pageti, akudikira kabaza.
Tikulowera kumodzi, ku Miseu Folo,
malo alipo kumbuyoku.
Ndakweza dzanja kuti ndimuitane,
kenako ndangokanda nalo khosi,
ndakankha njingayo osailiza
mpaka nditamupitirira.