Waya Wopinda Khosi

Dzanja langa silingalowe m'botolo,
ndiye ndimatuma waya.

Lachiwiri ndinatsikira ku msika wa Tsoka,
ndinawoloka kamlatho ka mitengo kolipira kaja,
ndinagula ambulera yothyoka kwa a Dzinkambani.
Anaseka: "Achimwene, mvula idatha kalekale."
Sindinawauze kuti ndikufuna nthiti zake zokha.

Nthiti ya ambulera imamvera moto.
Ndimaiwotcha pa kandulo mpaka ipsererere,
kenako ndimaipinda khosi ndi pulayala,
pang'ono chabe, ngati nkhuku yosuzumira m'dengu.
Ikapindika kwambiri imakana kulowa,
ikawongoka siikhudza khoma la galasi.
Zisanu ndi ziwiri zili m'ngalande ya kuno ku Kawale,
zomwe ndidataya ndisanadziwe muyeso wake.

Ubweya ndiwo udandisautsa.
Wa mbuzi, wopempha kwa anyamata a chiwaya ku Biwi,
n'ngouma ngati tsache.
Wa mphaka wa aneba n'ngofewa,
koma mwini wake ali ndi zikhadabo. Onani mkonowu.
Meshi yakale ya mayi a Tinenenji
idangoterera, penti osagwira n'komwe.
Ndi bambo wina wogulitsa mitu ya ng'ombe
amene adandinong'oneza: "Kayeseni wa m'khutu."
Timaubweya khumi ndi tiwiri,
ulusi wakuda wosokera yunifolomu,
kadontho ka guluu,
lezala yatsopano kusongola nsonga,
ndiye malovu, kuti tigwirizane.

Palinso kansungwi kovala thonje kumutu,
kopukutira zolakwa zisanaume.
Kameneko ndimakagwiritsa ntchito
kuposa momwe ndimauzira anthu.

M'botolo zinthu zimayambira kumapeto.
Kuwala kwa m'diso kaye, kenako diso,
kenako nkhope, kenako chipewa,
thambo limabwera pomalizira penipeni
kudzatseka zonse kumsana.
Chomwe wayamba kuika ndicho anthu adzaone,
sungachikwirire mawa ndi mtundu wina.

Dzulo kunabwera mayi a ku Mchesi
ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa, kotsukidwa bwino.
Akufuna njinga ya kabaza, yofiira,
ndi dzina lakuti Chikaiko pansi pake.
Sindinafunse kuti mwini njingayo ali kuti.
Kukamwa kwa kabotoloko n'kochepa kuposa chala changa chaching'ono,
waya wanga aliyense wakana.

Tinenenji akuti, "Adadi, bwanji osangojambula kunja?
Si pafupi?"
Kunja kuli manja a anthu, mwanangu,
kuli fumbi la Okutobala, kuli sopo.

Magetsi azimanso.
Ndasolola kachingwe kamodzi m'waya wa buleki ya njinga,
ndakapinda, ndamangirira timaubweya titatu basi.
Ndikuphunzira dzina lija chobwerera m'mbuyo
pa chikuto cha kope la masamu:
o, k, i, a, k...
Mpweya ndaugwira m'chifuwa.
Minibasi ikadutsa pamsewu tebulo limanjenjemera,
ndiye ndikudikira ya ku Chilinde yomaliza ipite.